Phunziro: Kutulutsa Anthu mu Seva Tisanatenge Backup

Khalani pansi, achinyamata, tsegulani makope anu. Makompyuta tiyatsa pambuyo pake. Funso la lero ndi limodzi: kodi woyang'anira seva amauziranji anzake kuti atuluke mu database iye asanatenge backup? Ena mwa inu mudzagwira ntchito ku Furancungo kapena ku Chidzolomondo, ena pa boma pa Tsangano kapena ku Ntengo-wa-Mbalame. Kulikonse kumene mudzapite, munthu amene mudzamulowe m'malo adzakusiyirani lamulo limeneli pakamwa: anthu atuluke kaye, kenako backup. Mukamalitsata osadziwa gwero lake, mudzavutitsa anamwino pa nthawi imene sikunali kofunika, ndipo tsiku limene kutulutsa anthu kuli kofunikadi mudzachita mongodula, ntchito n'kuwonongeka.

Pali zinthu zitatu zimene tizitchula kawirikawiri. Database ndi kaundula wosungidwa mu kompyuta, wogawidwa m'matebulo: tebulo la mayina a odwala, la mankhwala, la masiku amene munthu anabwera. Seva ndi kompyuta imene ikusunga kaundulayo, ndipo makompyuta a m'zipinda zina amangoitumizira mafunso ndi zolemba kudzera pa netiweki. Backup ndi kope la kaundulayo limene timasunga padera, kuti seva ikapsa ndi mphenzi, ikabedwa, kapena disiki yake ikangofa ndi ukalamba, tikhale ndi poyambira.

Musanaganize zotulutsa munthu, dziwani kaye kumene seva ili. SIS-MA, imene ofesi ya zaumoyo ya SDSMAS imalowetsamo ziwerengero za mwezi ndi mwezi, inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu imene amaisamalira ku University of Oslo ku Norway, ndipo ife kuno timangoifika pa intaneti. e-SISTAFE, yoyendetsera ndalama za boma, ili m'manja mwa CEDSIF ku Maputo. Backup ya zimenezi ndi ntchito ya eni ake. Zathu ndi zija zimene kompyuta yake mungathe kuigwira ndi dzanja. M'zipatala zambiri za m'dziko muno zopereka ma ARV muli SESP, kaundula wotsatira odwala amene anamangidwa pa OpenMRS, ndipo pansi pake pamakhala MySQL. Kolandirira mankhwala, m'malo ambiri, kunalowa iDART, yochokera ku Cell-Life ya ku South Africa, imene imasunga zake mu PostgreSQL. Kumakampani ndi kumasitolo akuluakulu mudzakumana ndi Primavera, imene imayenda pa SQL Server ya Microsoft. Ndiye pali makaundula ang'onoang'ono a Access amene masukulu, mipingo ndi magulu a alimi amadzipangira okha. Injini zinayi zimenezi, MySQL, PostgreSQL, SQL Server ndi Access, sizifanana khalidwe, ndipo phunziro lathu lonse likuzungulira pa kusiyana kwakeko.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi lili ndi nyumba ya zipinda ziwiri yosungiramo matumba a kachewere, onse pamodzi 100, ndipo inu mwatumidwa kukawawerenga. M'chipinda choyamba mwapeza 40, mwalemba. Pamene mukuzungulira kupita ku chachiwiri, mnyamata wina wasenza matumba 5 kuchoka m'chachiwiricho n'kukawaika m'choyamba. Mwafika, mwawerenga 55. Pepala lanu likuti 95. Palibe waba, palibe wanama, ndipo inu simunalakwitse samu. Chipinda choyamba munachiwerenga pa nthawi ina, chachiwiri pa nthawi inanso, choncho pepala lanu likufotokoza nyumba imene sinakhalepo pa mphindi ina iliyonse. Mnyamatayo akanasenza mobwerera, mukanalemba 105. Kukopera database nakonso kumatenga nthawi, mphindi zingapo kapena ola lathunthu, ndipo pulogalamu yokopera imayenda tebulo ndi tebulo, fayilo ndi fayilo, anthu ali mkati akusuntha zinthu.

Taonani zimene zimachitika wodwala akalandira botolo la mankhwala. Kompyuta imalemba malo osachepera awiri: pa mbiri ya munthuyo, kuti walandira ndipo abwerenso tsiku lakuti, komanso pa tebulo la katundu, kuti botolo limodzi latuluka. Akatswiri anakonza zoti zolemba zoyendera limodzi chotere zizimangidwa pamodzi kukhala transaction: zilowe zonse, apo ayi pasalowe chilichonse. Jim Gray anagwira ntchito yaikulu pa mfundo imeneyi m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter anapatsa malamulo ake dzina lachidule la ACID, limene mudzalipeza m'buku lililonse la database.

Koma lonjezo limeneli limagwira ntchito pokhapokha mukudutsira mwa injini ya database yeniyeniyo. Mukapita chambali, n'kutsegula foda imene MySQL imasungamo mafayilo ake, n'kuikokera pa fulashi seva ikugwira ntchito, mwatuluka m'lonjezolo. Pa nthawi imeneyo zolemba zina zili mu memori, sizinatsikire pa disiki. Zina zili mu fayilo ya log, zikudikira kukalowa m'malo ake. Fayilo imene mwakopera koyamba ndi ya 15:02, yomaliza ndi ya 15:09. Chowawa n'chakuti kope lotere limaoneka labwinobwino: lili ndi dzina, lili ndi deti, kukula kwake n'koyenera. Kuti ndi lowonongeka mudzadziwa tsiku limene seva yafa ndipo anthu ali pamzere kunja. Ngati njira yanu ndi yokopera mafayilo, kutulutsa anthu kokha sikukwanira. Injini yonse iyenera kuimitsidwa mwadongosolo, ithire zonse za mu memori pa disiki, ndiye mukopere.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Ma database a masiku ano ali ndi njira yogwira mphindi imodzi popanda kutulutsa munthu. Pulogalamu ya pg_dump ya PostgreSQL ikayamba, imaona kaundula monga analili pa mphindi imene yayambira, ndipo zonse zolembedwa pambuyo pake sizilowa m'kope, ngakhale kukoperako kutenge ola. Injiniyo imasunga mizere yakale pambali pa yatsopano mpaka wokoperayo atamaliza. MySQL nayo imachita chimodzimodzi mukaitana mysqldump ndi mawu akuti --single-transaction, bola matebulo akhale a mtundu wa InnoDB, umene wakhala wokhazikika kuyambira pa MySQL 5.5. SQL Server imakopera anthu ali mkati, n'kuphatikizapo gawo la log lokwanira kuti kopelo lidzagwirizane pobwezeretsa.

Ndikuona dzanja kumbuyoko. "Aphunzitsi, ngati makina amatha okha, tivutitsiranji anthu?" Funso labwino, ndipo yankho lake loona ndi lakuti pa backup ya tsiku ndi tsiku, yotengedwa ndi zida zoyenera, nthawi zambiri simuyenera kuwavutitsa. Koma pali nthawi zina zimene kutulutsa anthu n'kosapeweka.

Nthawi yoyamba ndi pa Access, imene ilibe injini yokhala pa seva. Ndi fayilo imodzi, ya accdb kapena ya mdb yakale, imene kompyuta iliyonse imaitsegula n'kumalembamo yokha kudzera pa netiweki. Palibe woima pakati kuti agwire mphindi imodzi. Munthu akalowa, pambali pa fayiloyo pamabadwa kafayilo kena ka laccdb kapena ldb, momwe mumalembedwa mayina a makompyuta amene ali mkati. Womaliza akatuluka bwinobwino, kafayiloko kamachoka. Mukakaona, musakopere, pitani mukafufuze amene watsegula. Nthawi zina kamatsalira chifukwa magetsi anathima munthu ali mkati, ndiye muyenera kuyendera kompyuta iliyonse ndi kutsimikiza kuti Access ndi yotseka musanakafufute. Matebulo akale a MySQL a mtundu wa MyISAM sadziwa transaction, choncho amafunika kuwatseka kuti asalembedwe pa nthawi yokopera. Ndipo ngakhale pa InnoDB, munthu akasintha kamangidwe ka tebulo ndi lamulo ngati ALTER TABLE kukopera kuli mkati, kope litha kusokonekera.

Nthawi ina ndi pamene mukusamutsa kaundula kupita pa seva yatsopano, kapena mukukweza pulogalamu. Backup imene mumatenga musanayambe ntchito yotere ndiyo imene idzakhale kaundula weniweni mawa. Chilichonse cholembedwa pa seva yakale kope litatengedwa kale chatayika, ngakhale wolembayo anaona ndi maso ake kompyuta ikuvomera. Pobwezeretsanso n'chimodzimodzi: PostgreSQL imakana kufufuta database imene muli munthu, ndipo SQL Server imakana kubwezeretsa pamwamba pa database imene ikugwiritsidwa ntchito.

Chifukwa chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi chilibe lamulo la pa kompyuta. Mu 2008, muno m'chigawo cha Tete, odwala pamodzi ndi ogwira ntchito zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV amene lero timawatcha GAAC. Anthu osapitirira 6 okhala moyandikana amagwirizana kuti mmodzi azipita kuchipatala kukatengera onse, mosinthanasinthana. Njirayi inabadwa chifukwa cha mitunda ndi ndalama zoyendera, zimene aliyense wokulira m'mapiri a kuno akuzidziwa, ndipo kenako inafalikira dziko lonse mpaka kumaiko oyandikana nafe. Ndiye tiyerekeze kuti woimira gulu wabwera, watenga mankhwala a anthu 6, wapita. Madzulo digitador, wolowetsa zolemba mu kompyuta, wakhala pansi ndi mapepala 6 a FILA, olembapo mankhwala amene aliyense walandira, akulowetsa limodzilimodzi, lililonse pa NID, nambala ya wodwala mwini wake. Walowetsa atatu, pg_dump kapena mysqldump yanu yayamba. Iye wapitiriza, wamaliza onse 6, watseka, wapita kwawo. Usiku disiki yafa.

Kope lanu lilibe chilema chilichonse pamaso pa injini. Transaction iliyonse ndi yathunthu. Mwabwezeretsa, seva yadzuka, aliyense wasangalala. Koma mu kaundula, anthu atatu a gulu lija sanalandire mankhwala. Digitador akukumbukira bwino kuti analowetsa onse, ndipo sakunama, choncho saganiza zobwereza. Pakapita masabata, kompyuta itulutsa mndandanda wa amene sanabwere, mayina atatu aja alipo, ndipo munthu atumidwa kukawafunafuna kumudzi. Ganizirani mayi amene sanaulule kwa apongozi ake kuti amamwa mankhwala, amene wamwa tsiku lililonse mosadumphitsa, akuona mlendo wa kuchipatala akufunsa dzina lake pakhomo. Ganiziraninso katundu: mashelefu akuti mabotolo anatuluka 6, kompyuta ikuti 3, ndipo wogawa mankhwala ndi amene afunsidwe.

Mundimvetse bwino. Backup iliyonse imasiya kunja zolembedwa pambuyo pake, kaya anthu munawatulutsa kaya ayi. Kusiyana kuli pa malire. Mukatenga kope anthu ali mkati, malirewo amagwera pakati pa mulu wa mapepala, pamalo pamene palibe akupadziwa. Mukagwirizana nawo kuti amalize zimene agwira, atuluke, ndiye mutenge, malire amadziwika: kope la Lachitatu lili ndi mapepala onse a mpaka Lachitatu madzulo, ndipo likafunika kubwezeretsedwa, digitador ayambira pa mulu wa Lachinayi. Pa chipatala chaching'ono chokhala ndi makompyuta atatu kapena anayi, kugwirizana kotere kumadya mphindi zochepa, ndipo phindu lake ndi lalikulu. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kuti pakhale kope limodzi lotsekera tsiku limene anthu onse akhala atatuluka, pamwamba pa makope ena alionse amene makina amatenga okha masana.

Tibwere ku kachitidwe kake. Zimayamba ndi pakamwa. Nthawi yotseka ikhale yodziwika, yofanana tsiku lililonse, ndipo mkulu wa chipatala kapena wa ofesi akhale atavomera. Inu nokha mulibe mphamvu yoimitsa ntchito ya boma. Kukatsala mphindi 15, nyamukani pampando. "Zikomo amayi, pa 15:30 titseka seva kwa mphindi 20. Mwatsala ndi anthu angati?" Akati atsala ndi awiri, dikirani awiriwo. Namwino amene ali ndi wodwala patsogolo pake ali pa ntchito imene seva inagulidwira. Ntchito za boma kuno zimayamba 7:30 n'kutha 15:30, choncho kumapeto kwa tsiku ndiko kumayenera, koma kumbukirani kuti kochirira amayi ndi kolandirira odwala mwadzidzidzi sikutseka. Kumeneko payenera kukhala mapepala olembapo pa nthawi imene seva yatsekedwa, ndi munthu wodziwika amene adzawalowetse.

Mukachenjeza, tsekani khomo lolowera musanayambe kutulutsa amene ali mkati. Ambiri amayambira kumapeto: amadula anthu, koma pamene akulemba lamulo la backup, theka la iwo labwerera kale. Pa OpenMRS nkhaniyi ndi yoonekeratu. Anamwino safika ku MySQL mwachindunji. Amalankhula ndi Tomcat, pulogalamu imene imayendetsa OpenMRS, kudzera pa burauza, ndipo Tomcat ndi imene imagwira njira zingapo zotsegula zopita ku MySQL m'malo mwa onse. Mukadula njira zimenezo, Tomcat ingotsegula zina nthawi yomweyo. Imitsani Tomcat, ndiye kuti khomo latsekeka. MySQL, kuyambira pa 5.7, ilinso ndi offline_mode, imene imachotsa ogwiritsa ntchito wamba n'kukana atsopano, kusiya oyang'anira okha. Pa PostgreSQL mungalande chilolezo cholowa ndi REVOKE CONNECT, osaiwala kuchilandanso kwa PUBLIC; koma dziwani kuti superuser satsekeredwa, choncho ngati pulogalamu yanu imalowa ndi akaunti ya postgres, khomolo silinatsekeke, ndipo limenelo ndi vuto lina loti mulikonze tsiku lomwelo.

SQL Server ili ndi lamulo lotchuka kwambiri pa nkhani imeneyi: ALTER DATABASE, dzina la database, SET SINGLE_USER WITH ROLLBACK IMMEDIATE. Mawu atatu omalizawo akutanthauza kuti aliyense adulidwe pompo ndipo zimene sanamalize zibwezedwe. Ndi lamulo laukali. Mutha kulifewetsa polemba WITH ROLLBACK AFTER 60 SECONDS kuti anthu apatsidwe kanthawi. Lilinso ndi msampha: mpando umodzi wotsalawo si wanu mwa dzina, ndi wa aliyense wofika koyamba. Mukatseka windo lanu n'kutsegula lina, pulogalamu ina itha kukhalapo kale, inu n'kutsala kunja. RESTRICTED_USER, imene imalola oyang'anira okha, nthawi zambiri imathandiza bwino.

Khomo litatsekeka, onani amene atsala. Pa MySQL lembani SHOW PROCESSLIST, pa PostgreSQL funsani pg_stat_activity, pa SQL Server itanani sp_who2. Mudzaona mzere uliwonse uli ndi nambala, dzina la akaunti, kompyuta imene wachokera, ndi chimene akuchita. Amene akuyendetsa funso lalitali, monga lipoti la pamwezi, mudikireni ngati nthawi ilipo. Amene PostgreSQL yamulemba kuti idle in transaction wayamba kulemba koma sanamalize. Ameneyo mukamudula, zimene anayamba zibwerera. Ndiye pali ambiri olembedwa Sleep kapena idle, ndipo pamenepa samalani. Mawu amenewo akungonena kuti pa mphindi imeneyo palibe chikuyenda pa waya. Sakunena kuti munthuyo wapuma. Atha kukhala kuti wadzaza Ficha Mestra yonse ya wodwala pa sikirini, tsamba ndi tsamba, koma sanadine batani losungira. Zimenezo seva sizidziwa, chifukwa sizinaifike. Palibe lamulo lililonse limene lingakuonetseni. Miyendo yanu yokha ndi imene ingakufikitseni pa chipindacho kuti mukafunse.

Kudula kumabwera pamapeto, kwa amene anaiwala kompyuta ili yoyaka n'kupita kwawo, chipinda n'kukhoma. MySQL ndi SQL Server zili ndi KILL, imene mumaipatsa nambala ya mzere. PostgreSQL ili ndi pg_terminate_backend. Werengani nambalayo kawiri, ndipo dziwani nambala yanuyanu kuti musadzidule nokha. Pa MySQL ndi SQL Server, mukadula munthu amene anali pakati pa ntchito yaikulu, injini imayenera kumasula zonse zimene anachita, ndipo kumasulako kutha kutenga nthawi yofanana ndi imene kumangako kunatenga, mwinanso kuposa. Seva imaoneka ngati yauma. Musaizimitse. Mukaizimitsa, ikadzuka ipitiriza ntchito yomweyo, inu n'kutaya nthawi yowirikiza. Pa Linux musaphe njira ya PostgreSQL ndi kill -9; injini imaona ngati yachita ngozi, imadula aliyense, n'kuyamba kudzikonza.

Mukaona kuti mwatsala nokha, tengani backup. Dzina la fayilo likhale ndi chaka, mwezi, tsiku ndi ola, motsatana chotero, kuti mafayilo azifola okha. Pa OpenMRS kumbukirani kuti si zonse zimene zili mu MySQL: pali foda ya pulogalamu momwe mumakhala ma module ndi fayilo ya makonzedwe, ndipo popanda imeneyo kudzutsa seva yatsopano kumavuta. Onaninso batire la UPS musanayambe. Magetsi a ku Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo chathu chomwechino, koma mawaya amene amawafikitsa kumapiri kuno amakumana ndi mphepo ndi mphenzi nyengo ya dzinja, ndipo kope limene laduka pakati ndi lopanda ntchito. Ichi n'chimene chimandichititsa kukayikira backup ya pakati pa usiku imene palibe akuiyang'anira. Ndi yabwino ngati m'mawa pali munthu amene ntchito yake yoyamba ndi kuona ngati yatheka.

Kenako tsegulani khomo. Zikumveka zosafunika kunena, koma ndi pamene ntchito imagwera kawirikawiri: backup yatheka, katswiri wakwera njinga yamoto kupita ku chipatala china, ndipo m'mawa palibe amene akutha kulowa. Bwezerani MULTI_USER, bwezerani GRANT CONNECT, zimitsani offline_mode, yatsani Tomcat. Ndiye pitani pa kompyuta ya m'chipinda china, mupemphe mwini wake alowe ndi akaunti yake inu mukuona, chifukwa akaunti ya woyang'anira imalowa ngakhale pamene ena onse atsekeredwa. Ngati mwalemba kapulogalamu kochita zonsezi kokha, kalembeni mwakuti khomo litseguke ngakhale backup italephera pakati. Pomaliza lembani m'kope la pepala lokhala pafupi ndi seva: tsiku, ola, kukula kwa fayilo, mulu wa mapepala womaliza kulowetsedwa, dzina lanu.

Kodi kope latheka? Fayilo ya mysqldump ikamalizika bwino, mzere wake womaliza umanena kuti Dump completed, pamodzi ndi deti. Yerekezaninso kukula kwake ndi kwa dzulo. Kaundula wa chipatala sachepa mwadzidzidzi. Koma umboni weniweni ndi kubwezeretsa. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi foda ya PostgreSQL pa seva yaikulu, akuyesa kuti ali pa seva yothandizira. Kampaniyo inali ndi njira zingapo za backup, koma atazifuna anapeza kuti sizinkagwira ntchito monga ankaganizira. Ya pg_dump inkalephera mwakachetechete chifukwa pulogalamu yokoperayo inali ya 9.2 pamene database inali ya 9.6, ndipo makalata ochenjeza za kulepherako sankafika kwa munthu. Anapulumukira pa kope limene linatengedwa pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zolembedwa za maola amenewo zinatayika. Amenewo anali akatswiri a ntchito yomweyi, okhala ndi zida zonse. Inu pezani kompyuta yakale, ngakhale laputopu, ndipo kamodzi pa mwezi muzibwezeretsapo kope la dzulo, mulowe, mufufuze wodwala womaliza kulembedwa, muwerenge mizere ya tebulo limodzi kapena awiri n'kuyerekeza ndi ya pa seva.

Kope lisagone m'chipinda chimodzi ndi seva. Mphenzi, moto ndi wakuba amatenga zonse zimene zili pa tebulo limodzi. Lamulo lodziwika ndi la makope 3, pa zosungira za mitundu 2, limodzi lili kutali. Kutaliko muganizirenso mmene mudzakufikire: mu Januwale 2022, namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, pa msewu womwewo umene umabwera cha kuno. Choncho limodzi likhale pafupi, m'nyumba ina yokhoma ya pamalo pomwepo kapena ku ofesi ya boma lanu, lina lipite ku chigawo monga mwa dongosolo la akuluakulu anu.

Ndipo kumbukirani chimene mwanyamula. Mu fayilo imeneyo muli mayina, midzi, manambala a foni ndi zotsatira za magazi za anthu amene mumakumana nawo kumsika ndi kutchalitchi. Lamulo nambala 19/2014 limateteza chinsinsi cha anthu amene ali ndi HIV m'dziko muno. Fayilo itsekedwe ndi pasiwedi yolimba isanachoke pa seva, ikhale pa disiki ya ntchito yokhayokha, osati pa fulashi yanu imene mumakoperapo nyimbo, ndipo isatumizidwe pa WhatsApp ngakhale amene wapempha ndi bwana. Kompyuta yoyeserapo kubwezeretsa nayonso muziifufuta mukamaliza.

Tsopano yatsani makompyuta, mukhale m'magulu a anthu anayi. Mmodzi akhala woyang'anira seva, atatu akhala olowetsa. Pa seva yoyeserera ndaikapo kaundula wa mayina opeka. Ulendo woyamba, woyang'anira akopere foda ya mafayilo anzake akulemba, kenako ayese kuidzutsa pa kompyuta ina. Ulendo wachiwiri atenge mysqldump ndi --single-transaction, anzake osawauza nthawi imene wayambira, ndipo akabwezeretsa, olowetsa atatuwo apeze okha pepala limene kope linadukira. Ulendo wachitatu achenjeze, aimitse Tomcat, aone SHOW PROCESSLIST, atenge, atsegule. Lembani mphindi zimene ulendo uliwonse wadya, kuphatikizapo nthawi yofufuza pamene panadukira. Lachisanu gulu lililonse libweretse ziwerengero zake, ndipo tidzayamba binary log ya MySQL, imene imathandiza kubwezanso zolembedwa pakati pa backup yomaliza ndi mphindi imene seva inafera.